Dzanja la ku Alexandria pa Nkhope ya Kaisara

Khobidi limene anasulira Nero m'chaka cha 13 cha ufumu wake silikopa maso mukangoliona. Ndi lochindikala, lotuwa, lolemera magalamu pafupifupi 13, ndipo kukula kwake ndi mamilimita 24 kapena 25 basi. M'mphepete mwake mumakonda kukhala timing'alu, pamene chitsulo chinang'ambika chitafinyidwa ndi nyundo. Mbali imodzi kuli Nero mwini wake atayang'ana kumanzere, khosi lonenepa, chibwano chodzaza, kumutu atavala chisoti cha nsonga zoimira cheza cha dzuwa. Patsogolo pa nkhope pali zilembo zitatu: L, I ndi Γ. Mukalitembenuza mupeza chombo chitakweza thanga, mphepo italidzaza, ndipo mozungulira muli mawu a Chigiriki onena kuti chombocho chanyamula mfumu.

Munthu wodziwa akaligwira khobidi limeneli safunsa wina. Mtundu wa chitsulo, kuchindikala kwake ndi chilembo cha L chija zimamuuza kuti linasulidwa ku Alexandria, m'dziko la Egypt. L ndi chizindikiro cha chaka, I ndi Γ ndi manambala a Chigiriki, 10 ndi 3, kotero ndi chaka cha 13, chimene pa kalendala ya ku Egypt chinayamba kumapeto kwa Ogasiti mu 66 n'kutha kumapeto kwa Ogasiti mu 67. Nthawi imeneyo Nero anali atawoloka nyanja kupita ku Greece kukapikisana pa kuyimba ndi pa mijaha ya magaleta. Makobidi ena a nyengo yomweyo ali ndi milungu ya kumalo kumene kunkachitikira mipikisanoyo: Zeus wa ku Olympia, Zeus wa ku Nemea, Poseidon wa ku Isthmus, Apollo wa ku Actium. Ndiye kuti amisiri a ku Alexandria ankautsatira ulendo wa mfumu ali kutsidya kwa nyanja, n'kumaulemba pachitsulo. Apa pakumana maluso awiri a anthu amene sanaonanepo: la mmisiri amene anagoba chidindo zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndi la wosonkhanitsa makobidi wa lero amene waphunzira kuwerenga dzanja lake. Ndimawagomera onse awiri, chifukwa aliyense amagwira ntchito yaikulu pa kanthu kosadzaza ndi chikhatho chomwe.

Ufumu wa Aroma unali ndi ndalama za mitundu iwiri. Zina zinkachokera m'nyumba zosulira za boma, makamaka ya ku Rome, zolembedwa m'Chilatini, ndipo ndi zimene ankalipira nazo asilikali kuyambira ku Britain mpaka ku Syria. Zina zinali za m'zigawo. Mizinda yoposa 500, pa nthawi zosiyanasiyana, inkasula makobidi akeake, ambiri a mkuwa, oti anthu azigulira buledi ndi mafuta pamsika wa mzindawo. Ya kumadzulo, monga ya ku Spain, inasiya msanga, Claudius asanatsirize ufumu wake; ya kum'mawa, yolankhula Chigiriki, inapitiriza mpaka m'zaka za m'ma 270. Ambiri mwa makobidiwa amakhala ndi nkhope ya Kaisara mbali imodzi, mbali inayo eni mzinda n'kuikapo zakwawo: kachisi wawo, mulungu wawo, mtsinje wawo, nthawi zina dzina la mkulu wa mzindawo. Khobidi la ku Rome limaonetsa mfumu mmene inkafunira kuoneka. La m'chigawo limaonetsa mfumu mmene anthu olamulidwa ankaionera ali patali, pamodzi ndi zimene iwowo ankati n'zoyenera kuima kumbuyo kwake.

Pa malo onsewa, Alexandria ndiye ali payekha. Octavian, amene pambuyo pake anatchedwa Augustus, analanda Egypt mu 30 BC, Antony ndi Cleopatra atagonja. Anapeza kuti mafumu a banja la Ptolemy anali atatseka malire a ndalama: wamalonda akafika padoko ankasintha ndalama zakwawo n'kutenga za m'dzikomo. Aroma anausiya mwambowo mmene unalili, poti unkawapindulira. M'chaka cha 7 cha Tiberius, chimene ndi 20 kulowa 21, anayamba kusula tetradrachm ya siliva wosakaniza ndi mkuwa wambiri, yowerengedwa mofanana ndi denarius imodzi ya ku Rome. Ndalama imeneyi inayenda mpaka cha mu 296, pamene Diocletian anaithetsa. N'chifukwa chake osonkhanitsa amaukonda mzindawu: nyumba yosulira ndi imodzi, zaka ndi pafupifupi 300, ndipo pafupifupi khobidi lililonse limanena lokha chaka chimene linabadwa.

Amisiri a m'nyumba imeneyi sankalemba mayina awo pa ntchito yawo, timawadziwira dzanja. Ntchito yake inali yochita chozondoka. Chidindo ankachigoba cholowa m'kati, moti chimene chiyenera kutumphuka pa khobidi, monga tsaya kapena mphuno, pachidindo chimakhala dzenje. Chakumanja chimapita kumanzere, ndipo chilembo chilichonse chimagobedwa chotembenuza. Mmisiri ankayenera kuiona nkhope yonse m'mutu mwake ili chozondoka chomwecho, n'kuikwanitsa m'kabwalo ka mamilimita 25 pamodzi ndi mayina a mfumu ofupikitsidwa mozungulira. Kachitsulo kogobera kakangoterereka, basi, chimene chachoka sichibwereranso.

Chidindo cha nkhope ankachikhazika m'chitsulo chosulirapo. Pamwamba pake ankaikapo kachitsulo kobulungira kamene anali atakaumba kale m'chikombole, wina n'kugwirizira chidindo chachiwiri pamwamba, nyundo n'kugwa. Khobidi lililonse linkamenyedwa palokha, choncho simungapeze awiri ofanana ndendende. Lina chithunzi chinathawira kumbali, lina theka la dzina la mfumu linatsala kunja kwa chitsulo, lina nyundo inadumpha n'kusiya mphuno ziwiri. Chidindo chapamwamba, chimene chinkalandira nyundo, chinkatha msanga, mmisiri n'kugoba china, chikasweka n'kugobanso china. M'zaka zomalizira za Nero anasula ma tetradrachm ochuluka zedi, moti patapita zaka 100 anali akuyendabe m'misika. Chonsecho dongosolo silinatayike. Tengani khobidi la ku Alexandria mulitembenuze chammbali: kawirikawiri mupeza chithunzi chakumbuyo chaima chilili, mofanana ndi chakumaso. Anthu amene ankagwira zidindo ankaziwongola dala, ngakhale ntchito inali yothamanga.

Luso lawo limaonekera kwambiri pa nthawi ya chipwirikiti. Nero anadzipha pa 9 Juni mu 68. Uthenga unkatenga masabata kuti uwoloke nyanja, ndipo mmisiri ankayenera kuyamba ntchito ndi zimene zamufika. Makobidi oyamba a Galba ku Alexandria amamutchula kuti Lucius Livius Sulpicius Galba, dzina limene anatengera kwa Livia Ocellina, mkazi wachiwiri wa bambo ake, amene anamutenga ngati mwana wakewake. Koma Galba atalowa ufumu anabwerera ku dzina lobadwa nalo la Servius. M'kati mwa chaka chake chachiwiri zidindo za ku Alexandria zinasintha: Lucius Livius anachoka, Servius n'kulowa. Mukaika makobidi awiriwa pambalipambali, mukuona ndi maso anu pamene mmisiri anauzidwa kuti dzina lija latha ntchito.

Nanga Galba, amene analamulira miyezi isanu ndi iwiri yokha, anachipeza bwanji chaka chachiwiri? Ku Egypt chaka chinkayamba pa 29 Ogasiti, ndipo chaka choyamba cha mfumu chinkathera pomwepo, kaya yakhala pampando miyezi 11 kaya masabata awiri. Chotero chaka chimodzi cha ku Egypt, choyambira pa 29 Ogasiti mu 68, chili ndi nkhope zinayi. Pali Galba wa chaka chachiwiri, amene anaphedwa pa 15 Januwale mu 69. Pali Otho wa chaka choyamba, amene anadzipha pa 16 Epulo. Pali Vitellius wa chaka choyamba. Ndiye pali Vespasian, amene bwanamkubwa Tiberius Julius Alexander anamulumbiritsira asilikali mu Alexandria momwemo pa 1 Julayi, kotero kuti chaka chake choyamba sichinakwane miyezi iwiri. Munthu amene wandandalika makobidi anayiwa m'thireyi wagwira nkhondo yonse yapachiweniweni ya chaka chimenecho, ndipo wagwiranso thukuta la amisiri amene kanayi konse anakankhira pambali zidindo zabwinobwino n'kuyambanso.

Otho ali ndi nkhani yakeyake. Ku Rome anamusulira golide ndi siliva, koma khobidi la mkuwa ayi. Kwa zaka mazana angapo anthu ofuna kukhala ndi mafumu 12 oyambirira onse pa mkuwa ankasowa iyeyu yekha, ndipo m'zaka za m'ma 1500 Giovanni Cavino wa ku Padua anapanga ake otsanzira, amene mpaka lero amasokoneza ongoyamba kumene. Mkuwa weniweni wa Otho umachokera kum'mawa, ku Antioch ndi ku Alexandria. Apa ndi pamene makobidi a m'zigawo amaposera a ku likulu: amasunga anthu amene Rome anawadutsa. Pa ma tetradrachm a Claudius pali mkazi wake Messalina ataimirira, atanyamula tiana tiwiri m'dzanja limodzi ndi ngala za tirigu m'dzanja linalo. Pa a Nero pali akazi ake, Octavia kenako Poppaea. Titiana, mkazi wa Pertinax, amene mwamuna wake analamulira miyezi yosakwana itatu mu 193, nkhope yake imapezeka ku Alexandria. Antinous, mnyamata wa ku Bithynia amene Hadrian ankamukonda, anamira mu Nile mu 130. Rome sanamuike pa ndalama, koma Alexandria anamuika m'chaka cha 19 cha Hadrian, kumaso atavala chisoti cha milungu ya ku Egypt, kumbuyo atakwera hatchi.

Khobidi limene limandichititsa chidwi koposa pa nkhani ya nkhope ndi la mu 270 kulowa 271. Asilikali a Zenobia, mfumukazi ya ku Palmyra, anali atalanda Egypt, koma Zenobia anali asanakonzeke kulimbana ndi Rome poyera. Amisiri anapatsidwa ntchito yofuna kuyenda mosamala: mbali imodzi anaikapo Aurelian, mfumu ya ku Rome, ndi chaka chake choyamba, mbali inayo Vaballathus, mwana wa Zenobia, ndi chaka chake chachinayi. Nkhope ziwiri, zaka ziwiri, khobidi limodzi, ndipo aliyense akanatha kunena kuti kumaso ndi kumene kuli wake. Mu 272 kubisa kunatha: Aurelian anachotsedwa, Vaballathus n'kutsala yekha, ndipo Zenobia mwini wake anaonekera pa khobidi. Chaka chomwecho Aurelian anailandanso Egypt. Ndale zonse za miyezi imeneyo zinadutsa pansi pa kachitsulo kogobera, ndipo munthu angathe kuzitsatira chidindo ndi chidindo.

Mukatembenuza khobidi mumapeza Egypt akudzilankhulira. Mizinda iwiri ingathe kutenga nyama imodzi n'kunena nayo zinthu zosiyana. Ku Nemausus, kumene lero ndi ku Nîmes m'dziko la France, anasula khobidi la Augustus ndi Agrippa lokhala ndi ng'ona yomangidwa ndi unyolo ku mtengo wa kanjedza, kukumbukira kugonja kwa Egypt. Ku Alexandria ng'ona ilibe unyolo. Imakhala pambali pa mulungu wa mtsinje wa Nile, mkulu wandevu wogona chotsamira, atanyamula bango ndi nyanga yodzaza zokolola. Pa makobidi ena pambali pake pali nambala 16. Imeneyo ndi mikono imene madzi osefukira ankayenera kukwera kuti minda yonse ithiriridwe, kuti nkhokwe zidzaze. Mlimi wosadziwa kuwerenga dzina la Kaisara nambala imeneyo ankaidziwa.

Malo abwino oonetsera zonsezi anali drachm, khobidi lalikulu la mkuwa la mamilimita 33 kapena 34, la m'mphepete mopendekeka. Mu nthawi ya Trajan, Hadrian ndi Antoninus Pius amisiri anachita nalo zodabwitsa. Hadrian atafika ku Egypt, m'chaka chake cha 15 anagoba mzinda wa Alexandria ngati mkazi wovala chikopa cha mutu wa njovu, akulandira mfumu. Anagoba nsanja ya Pharos yowunikira zombo, ndi mazenera ake obulungira, chifanizo pamwamba, ndi zifanizo zoimba malipenga m'ngodya. Nsanjayo inagwa ndi zivomezi kalekale, ndipo Hermann Thiersch atafuna kujambula maonekedwe ake mu 1909, makobidi anali ena mwa mboni zake. Anagoba Isis atagwira thanga lodzaza mphepo ndi manja awiri, nsanja ija ili patsogolo pake. Anagoba makobidi a maboma a m'dzikomo, boma lililonse ndi mulungu wake ndi nyama yake yopatulika. Ndipo m'chaka cha 8 cha Antoninus Pius, 144 kulowa 145, anatulutsa makobidi a nyenyezi zakumwamba: Helios pamwamba pa mkango wodumpha, Selene pamwamba pa nkhanu, Ares pamwamba pa chinkhanira, Aphrodite pamwamba pa ng'ombe yamphongo. Onani mkango umenewo pa khobidi losatha kwambiri. Miyendo yakumbuyo yakankha, msana wapindika, mchira waima, ndipo mutu wa Helios wakwana m'malo otsalawo osapanikizana ndi nyenyezi kapena chaka. Uyu anali munthu wodziwa kugawa malo.

Mbiri ina samaiwerenga ndi maso, amaimva m'dzanja. Ikani tetradrachm ya Nero m'chikhatho chimodzi, ya Diocletian m'chinacho. Yoyamba ndi ya magalamu 13 ndipo siliva akuonekabe. Yachiwiri yatsika kufika pa magalamu 7 kapena 8, yafupika kufika pa mamilimita 19 kapena 20, ndipo siliva watsala dzina lokha. Nkhope nazo zasintha: tsitsi lometa, ndevu zongobaya ndi nsonga, chibwano cholimba, moti kusiyanitsa mfumu ina ndi inzake kumafuna kuwerenga dzina. Pakati pa makobidi awiriwa pali nkhondo, miliri ndi boma lofuna ndalama zambiri kuposa siliva amene linali naye. Komabe mmisiri womalizayo sanasiye kuika chiwombankhanga chake bwinobwino, nkhata ili kukamwa, L kumanzere, nambala kumanja, monga ankachitira amene anamuphunzitsa.

Tsopano tibwere kwa wosonkhanitsa. Makobidi ambiri amene amamufika ndi otha, chifukwa anayenda m'manja mwa anthu zaka zambiri asanalowe m'nthaka. Tiyerekeze kuti watenga drachm yakuda, yosalala. Sathamangira nkhope. Amayamba wayang'ana m'mphepete, kuti aone ngati muli mzere wosonyeza kuti khobidilo analiumba m'chikombole dzana lomweli. Amaliika pasikelo, amaliyeza kukula, amalemba. Kenako amatsitsa nyale kuti kuwala kudzere chammbali, n'kumalizungulitsa pang'onopang'ono pakati pa zala, galasi lili pa diso. Pamene panali posalala pamayamba kuoneka mithunzi: mwendo wa chilembo apa, mutu wa china apo. Akuona ΤΡΑΙ. Wongoyamba kumene anganene kuti ndi Trajan, nkhani yatha. Wozolowera amadziwa kuti Hadrian ankalembanso dzina la Trajan patsogolo pa lake, poti ndiye anamulowa ufumu ngati mwana wake. Ndiye amapita pachibwano: Trajan ankameta, Hadrian ankasunga ndevu. Akapeza ΑΔΡ saimanso pomwepo, chifukwa Antoninus Pius nayenso ankanyamula dzina la Hadrian. Ngakhale dzina la Antoninus silithetsa mlandu, pakuti Marcus Aurelius, Caracalla ndi Elagabalus onse ankalembedwa nalo pa makobidi. Mphuno, khosi, kapiringidwe ka tsitsi, kukula kwa khobidi ndi nambala ya chaka ziyenera kugwirizana zonse. Mfumu imene inalamulira zaka zinayi singakhale ndi chaka cha 20. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi munthu wopupuluma amangopatsa makobidi mayina a eni ake ena.

Mbali yaikulu ya lusoli ndi kudziletsa. Khungu lobiriwira kapena lofiirira limene nthaka inaveka khobidi kwa zaka mazanamazana ndilo limaliteteza, ndipo nthawi zambiri zilembo zimakhala m'khungu momwemo. Wolikwecha kuti liwale amachotsa zimene amafuna kuona. Wodziwa amasiyanitsa khungu labwinolo, lolimba ndi losalala, ndi kaufa kobiriwira motuwa kamene kamatuluka m'timaenje. Kaufako ndi matenda a mkuwa, obwera ndi mchere wa m'nthaka ukakumana ndi chinyezi, ndipo kakalekereredwa kamadya khobidi mpaka kuliboola. Lotero amalipatula kwa anzake, n'kulisamalira, n'kulisunga pouma. Amadziwanso kuzindikira khobidi limene wina masiku ano analigobanso kuti ndevu zioneke bwino likwere mtengo. Mizere yake imakhala yakuthwa pamene zonse zozungulira zinatha, ndipo imayenda mosiyana ndi dzanja lakale. Amene wayang'ana ntchito ya amisiri a ku Alexandria kwa nthawi yaitali, dzanja lachilendo amaliona msanga.

Amene anasonyeza kutalika kwa luso limeneli ndi Giovanni Dattari, Mtaliyana amene ankakhala ku Cairo. Mu 1901 anasindikiza buku lofotokoza makobidi a ku Alexandria oposa 6,000 amene anali nawo, ndipo manambala ake akugwirabe ntchito mpaka lero. Sanaime pomwepo. Anapitiriza kusonkhanitsa, ndipo khobidi lililonse ankaliika pansi pa pepala n'kulikhwekhwereza ndi pensulo pamwamba, kumaso ndi kumbuyo, mpaka chithunzi chituluke. Ana asukulu amasewera motero ndi makobidi a m'thumba, koma Dattari anazichita mwadongosolo, mfumu ndi mfumu, chaka ndi chaka, pa makobidi oposa 13,000. Anamwalira mu 1923, ndipo chuma chake pambuyo pake chinabalalika. Mapepala aja anatsala, ndipo Adriano Savio anawasindikiza mu 1999, n'kuwonjezera mu 2007. Apa kusafanana kwa makobidi osulidwa pamanja kunasanduka phindu. Pensulo inatola chilichonse: mng'alu wa m'mphepete, pamene chithunzi chinathawira, pamene chilembo chinaduka. Lero munthu akagula drachm angathe kuiika pambali pa tsamba la Dattari, n'kupeza kuti mng'alu uli pamalo pake, kupendekeka n'komweko, ndiye kuti ndi khobidi lomwelo limene linali ku Cairo zaka zoposa 100 zapitazo.

Diso lomwelo, loona tizilema ta chidindo, linavumbula chinthu chachikulu ku Asia Minor. Konrad Kraft, m'buku limene linatuluka mu 1972 iye atamwalira, anasonyeza kuti chidindo chimodzi cha nkhope ya mfumu chinkamenya makobidi a mizinda yosiyanasiyana. Ndiye kuti panali magulu a amisiri amene ankagwirira ntchito mizinda yambiri, uliwonse n'kuitanitsa chithunzi chakwawo kumbuyo. Palibe buku lakale limene linalemba zimenezi. Zinatuluka poyerekeza tsitsi ndi tsitsi, chilembo ndi chilembo. Ntchito yotere munthu mmodzi sangaithe. Mu 1992 Andrew Burnett, Michel Amandry ndi Pere Pau Ripollès anatulutsa gawo loyamba la Roman Provincial Coinage, lofotokoza makobidi a m'zigawo kuyambira 44 BC mpaka 69, mothandizidwa ndi British Museum ndi Bibliothèque nationale de France. Tsopano ntchitoyi ili pa intaneti, pansi pa Ashmolean Museum ya ku Oxford, ndipo aliyense angathe kuiona kwaulere. Ikukulabe, chifukwa mitundu ya makobidi imene sinalembedwepo ikutulukabe, ina kuchokera m'mathireyi a anthu wamba amene anayeza, kujambula ndi kutumiza.

Pali chinthu chimodzi chimene wokonda makobidi sayenera kuchizemba. Khobidi limanena zambiri likapezeka pamalo pake. Akatswiri a University of Michigan atakumba mudzi wa Karanis ku Fayum pakati pa 1924 ndi 1935, anapeza makobidi masauzande ambiri m'nyumba za anthu, ena ali m'mitsuko. Chifukwa analemba chipinda ndi dothi limene mtsuko uliwonse unali, tingathe kudziwa ndalama zimene zinkayendera limodzi ndi nthawi imene mwini wake anazibisa. Wokumba mobisa usiku amaswa mtsuko, n'kubalalitsa makobidi, ndipo nkhani imeneyo imafera pomwepo. Pangano la UNESCO la 1970 linabwera kudzaletsa malonda otere, ndipo lamulo la ku Egypt la 1983 linati zakale zonse zopezeka m'nthaka ya dzikolo ndi za boma. Chotero wosonkhanitsa waulemu amafunsa kumene khobidi lachokera asanafunse mtengo. Kapepala kakale kamene kabwera nalo, kolembedwa ndi dzanja la munthu amene anamwalira kalekale, sakataya ngakhale katang'ambika. Amalembanso kake: kulemera, kukula, mfumu, chaka, nambala ya m'buku, amene anamugulitsa ndi tsiku lake.

Khomo la lusoli si la olemera okha. Ma tetradrachm a Probus, Diocletian ndi Maximian alipo ambiri, ndipo ali m'gulu la makobidi akale otsika mtengo kwambiri. Ntchito imene amafuna ndi yomwe ija imene amafuna makobidi a Zenobia: sikelo, nyale, galasi, buku ndi mtima wodekha. Ngakhale amene alibe khobidi n'limodzi lomwe angathe kuphunzira pa zithunzi kusiyanitsa Trajan ndi Hadrian, kuwerenga manambala a Chigiriki ndi kuzindikira dzanja la ku Alexandria pakati pa manja ena. Kuchuluka kwa mathireyi sikupanga katswiri. Mmisiri uja anagwira ntchito yake moona, ngakhale ankadziwa kuti chidindo chake chisweka posachedwa ndipo mfumu imene akuigoba mwina sifika Ogasiti. Amene wasunga ntchito yakeyo lero ali ndi ngongole kwa iye, ndipo kubweza kwake n'kumodzi: khobidi likamadzachoka m'manja mwake, lidzapite lili lathunthu, lili ndi dzina loona, chaka choona ndi mbiri yolembedwa, kuti wolilandira adzayambire pamene iye wasiyira.